Lilongwe ikutsata msewu wa Mchinji, Lusaka inadutsamo kale

Amene timakwera minibasi kuchoka pa Boma la Mchinji kupita ku Lilongwe tikuziona zimene zikuchitika m'mbali mwa M12. Ku Kamwendo ndi Namitete minda idakalipo, koma ukangodutsa Msundwe kulowera ku Mpingu mpaka Njewa, mitengo ya mango yayamba kuima pakati pa milu ya njerwa. Alamu anga ali ndi munda chakufupi ndi Mpingu. Chaka chatha ndinapeza pamene tinkakumba mtedza pazikidwa timiyala ta simenti, chingwe chadutsa pamwamba pa chulu.

"Alamu, mwagulitsa?"

"Anzanga onse agulitsa. Ine ndizilima pakati pa mipanda ya eni?"

Anadula mapuloti 6, ndipo kanjira kamene anasiya pakati ngakhale ngolo singakhotemo. Za ngalande, malo a sukulu kapena pomwe paipi ya madzi idzadutse, palibe amene anafunsa. Sindiwaimba mlandu alamuwo. Mtima umandiwawa chifukwa mapeto ake ndinawaona kale kutsidya, kumene ndimapita kukapikula katundu.

Lusaka inakhala likulu mu 1935, boma litasamuka ku Livingstone. Atsamunda anaijambula ngati mzinda wa anthu ochepa, osawerengera bwino antchito akuda amene ankaumanga. Anthuwo anadzipezera okha pogona, ndiye kubadwa kwa makomboni monga Kanyama, Misisi ndi Chawama. Lero mzindawu uli ndi anthu oposa 2 miliyoni. Pitani ku Kanyama mvula ikagwa: pansi pake ndi mwala, madzi alibe kolowera, amangodikha pakhomo, zimbudzi n'kusefukira m'zitsime. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inasautsa kumeneko, ndipo itabweranso kumapeto kwa 2023 anachita kusandutsa bwalo la National Heroes kukhala malo ogonekamo odwala.

Komabe pali zimene a ku Zambia anatiposa. Mu 1974 anakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena, munthu n'kupatsidwa chikalata chokhala pamalopo zaka 30. Anasiya kunamizira kuti anthuwo kulibe. Chachiwiri ndi chimene ndikufuna tichimvetse ife a ku Mchinji. Pulani ya nthawi yaitali ya Lusaka, imene anakonza ndi bungwe la ku Japan la JICA mu 2009 kuyang'ana mpaka 2030, sinathere pamalire a khonsolo. Inaphatikiza madera a Kafue, Chongwe ndi Chibombo, pozindikira kuti mzinda ukamakula umadya minda ya maboma oyandikana nawo. Zambiri za m'pulaniyo zidakali papepala, zoona, ndipo milatho ya pamwamba imene amanga pa Makeni ndi pa Munali yathandiza magalimoto kuposa anthu a m'makomboni. Koma diso lawo linaona patali.

Ife tinayamba bwino kuposa iwo. Boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation mu 1968, likulu n'kuchoka ku Zomba mu 1975. Mzinda unagawidwa m'ma Area, ndipo m'malo ngati Area 25 ankayamba adula mapuloti ndi kulambula misewu, munthu wosauka n'kumanga yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Nzeru imeneyo inali yabwino kwambiri, kungoti anthu anachuluka kuposa mapuloti, Mtandire, Mgona ndi Chinsapo n'kuphuka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mumzindawu. Nafenso JICA inatikonzera pulani mu 2010 yofika 2030.

Vuto lili apa: mphamvu za khonsolo ya mzinda zimathera pamalire ake. Kupitirira pamenepo ndi khonsolo ya boma la Lilongwe, kenako ya Mchinji, ndipo malo ambiri ndi a makolo, ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja. Wogula amabwera ndi ndalama, anyakwawa achitira umboni, basi. Malamulo a malo ndi a mapulani a 2016 alipo, koma munthu woyeza malo safika kumudzi chingwe chisanamangidwe. Mzinda weniweni ukumangidwa kumene pulani ya mzinda ilibe mawu.

Nanga Mchinji ili pati? Chipata anaikweza kukhala mzinda mu 2017. Njanji yochokera kwathu inafika kumeneko mu 2010, ndipo mu 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa anatsegula ofesi imodzi ya pamalire ku Mwami. Tili pakati pa mizinda iwiri imene ikukula, pa msewu wa malole opita ku Lusaka. Koma pa mizinda 8 imene boma lasankha kutukula pansi pa masomphenya a Malawi 2063, Kasungu ilipo, Mchinji palibe. Sindikuchitira nsanje abale athu a ku Kasungu, akuyenera. Ndikungoti mtunda wa makilomita oposa 100 wochokera ku Lilongwe kufika kumalire ukufunika mapu amodzi, makhonsolo atatuwa ndi mafumu atakhala pansi limodzi, kulemberatu pa msewu, pa msika, pa manda ndi madambo osayenera kumangapo.

Sizifuna ndalama za milatho ya pamwamba zimenezi. Zifuna woyeza malo, mapu ndi mfumu yomva. Kusiya msewu wa mamita 12 m'munda lero ndi nkhani ya mizere ingapo ya chimanga. Nyumba zikamangidwa ndi nkhani ya kugwetsa ndi chipukuta misozi.

Alamu atsala ndi dimba lokha kumunsi, kumene madzi onse a mapuloti aja azithamangira Januwale akafika. Wogula wabwera kale kawiri kudzaliona.