Ku Joni kholo amalifunsa, kuno amalitumizira uthenga pa mwana

Kusukulu za kwathu kuno ku Nkhotakota kholo limakumbukika pa zinthu ziwiri: kuumba njerwa ndi ndalama ya chitukuko imene tinkapereka ija. Pa zimenezo kalata imakupeza ngakhale uli kumunda wa mpunga. Koma ikakhala nkhani ya mwana wako amene akuvutika m'kalasi, amakambirana okhaokha mu ofesi ya ahedi, iwe n'kudzamva zitatha.

Mwana wanga wamkazi samva bwino, khutu lakumanzere linafa ali wakhanda. Teremu yathayi aphunzitsi anagwirizana kuti abwereze Sitandade 3, ati satsatira. Uthengawo anauza mwanayo pakamwa kuti adzandiuze. Mwana wosamva bwinoyo! Akanandiitana ndikanawauza zimene mayi aliyense amadziwa za mwana wake: mumukhazike kutsogolo, khutu labwinolo liloze kwa aphunzitsi, ndipo musamayankhule mukulemba pa bolodi chifukwa amawerenga milomo. Zimenezi sizifuna ndalama ya boma ayi.

Chandipweteka kwambiri n'choti achemwali anga ali ku Johannesburg, ndipo mukudziwa kuti theka la Nkhotakota lili komweko. Mwana wawo amachedwa kugwira zinthu m'mutu. Kumeneko mphunzitsi atangoona vuto, anaitana achemwaliwo, anakhala nawo pansi, n'kudzaza fomu limodzi: mwanayu anabadwa bwanji, kunyumba amatani, chimamukwiyitsa n'chiyani. Kenako komiti ya pasukulupo yothandiza ana otere inalemba ndondomeko ya mwana yekhayo, zoti achite ndani ndiponso adzakumana liti kuona ngati zikuyenda. Achemwali anasaina, n'kupatsidwa pepala lawo. Si chifundo cha mphunzitsi mmodzi ayi. Ndondomeko ya boma lawo ya 2014 yotchedwa SIAS, yozindikira ndi kuthandiza ana ovutika kuphunzira, imafuna kuti kholo likhalepo, ndipo lamulo lawo la sukulu la 1996 limanena poyera kuti posankha koika mwana wofunika thandizo lapadera, akuluakulu aganizire ufulu ndi zofuna za makolo. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, mlendo m'dziko la eni, koma mawu ake analembedwa.

Ndisanamize anthu, ku Joni si kumwamba. Malo m'sukulu zapadera ndi ochepa, ana amadikira zaka, ndipo ukakhala wopanda mapepala umalowa pageti ya sukulu mtima uli m'mwamba. Kunonso aphunzitsi athu ndimawamvera chisoni. Munthu mmodzi, ana oposa 100, ena pansi pa mtengo wa mango, angalembe ndondomeko ya mwana mmodzimmodzi nthawi yanji? Aphunzitsi amene anaphunzira za ana aulumali ku koleji ya Montfort, ku Chiradzulu kuja, ndi ochepa moti mmodzi amayendera sukulu zingapo. Ndipo amayi a mother group amagwira ntchito imene achemwali akuti kumeneko sanaionepo, kulondola mwana mpaka pakhomo akajomba.

Koma mapepala ifenso tili nawo. Lamulo la anthu aulumali linabwera mu 2012, ndondomeko yoti ana onse aziphunzira limodzi inayamba mu 2017. Nanga kuitana kholo kumafuna chiyani, simenti? A Zambia anangoti maphunziro aulere mpaka Grade 12 mu 2022, ifeyo aulere a pulayimale tinayamba 1994, ndife akuluakulu pa nkhaniyi, koma mpaka lero kholo likafunsa funso amaliona ngati labwera kudzayambana.

Wina wandiuza kale kuti ndingomutumiza ku Mua, kusukulu ya ana osamva ku Dedza. Mwina n'koyenera, mwina ayi, koma amene anene zimenezo akhale atamuyeza mwanayo, ndipo ine ndikhale pampando pomwepo. Lolemba ndikupita kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu, ndipo ndapempha makolo ena a ana otere m'mudzi mwathu kuti tipitire limodzi. Amene muli ku PODCAM, bungwe lija la makolo a ana aulumali, tiuzeni pokupezani kuno kunyanja.