Mwaye wa kandulo si litsiro chabe

Usiku wapitawu magetsi atazima kuno ku Chibavi, mnyamata wanga wa Fomu 3 anatenga supuni n'kuiika pamwamba pa lawi la kandulo. Kunsi kwake kunada bii. Mayi ake anafuna kumukalipira, ine ndinati, "Musiyeni kaye. Iwe, bwera nayo kuno." Zimene ndinamuuza ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni inunso, chifukwa zakhala zikundizungulira m'mutu.

Mwaye womwewo anzathu kunja akupangira mafunde a sikani, aja amaonera mwana m'mimba. Mu 2015 akatswiri a ku North Carolina State University ku America anadetsa galasi ndi lawi la kandulo, n'kupakapo mphira wa silikoni woonekera ngati madzi, wotchedwa PDMS. Akathwanimitsapo kuwala kwa leza (laser, kachipangizo kotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi), kamphindi kochepetsetsa koti sekondi uigawe kabiliyoni n'kutengapo timagawo tochepa, mwaye umameza kuwalako n'kutentha. Mphira uja umafufuma mwadzidzidzi n'kukankha madzi kapena mnofu umene wagundana nawo. Kukankhako ndiye kumabala phokoso, mafunde a sikani aja.

Ife ogona m'nyumba za malata izi timazimva tsiku ndi tsiku. Dzuwa likangotuluka m'mitambo yathu ya ku Mzuzu ino, denga limayamba kulira the! the! Chitsulo chatambasuka ndi kutentha. Kusiyana kwake n'kwakuti khutu lathu limalekezera pa mafunde 20,000 pa sekondi, pamene kamphira aka kamatulutsa mamiliyoni. Ndipo zoti kuwala kungabale phokoso si zadzulo ayi, Alexander Graham Bell anazitulukira mu 1880.

Wina afunsa kuti kuvutikiranji, sikani ilipo kale. Ija amakuyendetsani pamimba atakupakani mafuta ozizira ili ndi timiyala tonjenjemera ndi magetsi, ndipo timafuna mawaya. Kuichepetsa kuti ilowe mumtsempha ndi ntchito yaikulu. Koma ku University College London anapaka mphira wosakaniza ndi kaboni, chinthu chomwecho chimene chili mu mwaye, kunsonga kwa ulusi wa galasi wodutsa kuwala, wowonda kwambiri, n'kuulowetsa mu singano. Mu 2017 anaonetsa zithunzi za m'kati mwa mtima wa nkhumba ukugunda. Dokotala akuona kumene singano ikupita, kunsongako kopanda waya wa magetsi ndi mmodzi yemwe.

Ndisakunamizeni kuti mawa zifika ku sikelo. Leza yotere ndi yodula, ndipo mayi wa ku Usisya chimene akufuna lero ndi sikani wamba ija, imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati aliyense woyembekezera aione kamodzi masabata 24 asanakwane. Zimenezo zikhale patsogolo, sindikutsutsa.

Chimene chikundiwawa n'china. Ana athu timawaloweza mawu akuti zinthu zikatentha zimatambasuka, alembe mayeso, akhoze, aiwale. Sitiwauza kuti mfundo yomweyo ndi imene ikuonetsa madokotala m'kati mwa mtima. Akamakula amayesa sayansi ndi katundu wobwera m'makatoni kuchokera kunja, wakuti akaonongeka tidikire mwini wake adzakonze. Pamenepa mbali yovuta kuiganizira inali ya mtengo wa kandulo imodzi! Amene mumagawa ndalama za kafukufuku, ikani zina m'malabu a mayunivesite athu, ngati pa Mzuni pa Luwinga apa. Leza imodzi ndi kachipangizo komvera mafunde m'madzi n'zokwanira kuti ophunzira ayambe kuyesa okha: mwaye wa koloboyi ukusiyana bwanji ndi wa kandulo, nanga fumbi la makala a ku Mchengautuwa?

Funso la makalalo si langa, anafunsa ndi mnyamata uja, maso ali pa supuni. Wakana kuti itsukidwe. Waikulunga papepala, akuti Lolemba akaonetsa aphunzitsi ake a Physics.