Malo olerera mabizinesi ku Ntcheu ayambire pa matimati

Ndakhala ndikumva anthu akunena kuti boma lililonse m'dziko muno likhale ndi malo olerera mabizinesi ang'onoang'ono, monga mmene mHub ikuchitira ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub kumpoto. Ganizoli ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse, koma chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti tikakhala pansi kukonza mapulani, timathamangira nyumba yokongola, makompyuta ndi intaneti, n'kuiwala zimene anthu a m'deralo akugulitsa kale.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Aliyense amene wadutsapo pa Lizulu nthawi imene matimati achuluka anaona madengu atandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo amadziwa kuti mlimi amalandira mtengo umene venda watchula, chifukwa akakana, mawa lake katunduyo wayamba kuwola. Chimandipweteka n'chakuti mabotolo ambiri a sosi wa matimati amene timagula m'masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe ndi ochokera kunja, ogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi.

Choncho malo athuwo ayambe ndi chipinda chaukhondo, madzi odalirika, magetsi a dzuwa ndi makina opangira sosi ndi oumitsira matimati, oti magulu a amayi ndi achinyamata azigwiritsa ntchito mosinthana n'kumalipira kangachepe. Palibe membala wa banki mkhonde amene angagule makina otere payekha. Koposa zonse, pakhale munthu wodziwa ndondomeko ya Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu, woti aziyenda nawo anthuwa mpaka katundu wawo atapatsidwa chidindo, popeza popanda chidindocho sitolo zikuluzikulu sizingamulandire, ngakhale atakoma chotani.

Ngongole ya boma yothandizira mabizinesi ang'onoang'ono payokha siikwanira. Ndaonapo abale anga akudya mpamba poyesa kuti ndi phindu, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa palibe anawaphunzitsapo kulemba zolowa ndi zotuluka. Apa ndi pamene aphunzitsi a bungwe la boma lotukula mabizinesi ang'onoang'ono angathandize, khonsolo itapereka malo.

Ndikupemphanso kuti olowa m'malowa azisankhidwa poona ntchito ya manja awo, osati nsalu ya chipani kapena ubale ndi amfumu, ndipo gulu likatha zaka ziwiri lizituluka kukadziimira palokha kuti makinawo atsale ndi ena, monga alimi a kachewere a ku Tsangano.