Chenjezo kwa Inu Ophika Mpunga wa Khirisimasi

Inu ana anga, inu apongozi ndi adzukulu amene mwalandira mthiko kuchokera m'manja mwathu, tandimverani pang'ono. Disembala wafika. Ndaona kale mbuzi zikulira pakariyala ya njinga, nkhuku zachikuda zakwera mtengo pamsika, matumba a mpunga wa Kilombero akutsika m'mabasi. Zonsezo nzabwino, nanenso ndimadya. Chondiwawa ine ndi poto uja mumamusiya pakona pa 25 madzulo, n'kudzamuvundukula pa 26 masana, n'kuitana ana kuti bwerani mudye.

Zaka zingapo zapitazo anansi anga ena anachita phwando lalikulu. Mpunga anauteleka mbandakucha mudiramu yodula pakati, alendo anadya cha m'ma 2 koloko masana, wotsala anangouvundikira ndi lichero n'kupita kukavina. Mawa lake anautenthetsa pang'ono, pamwamba pokha, n'kugawira ana. Dzuwa lisanalowe ana asanu anali akusanza, ndipo ine ndemwe ndi nyamakazi yangayi ndinayenda m'matope kufunafuna kabaza. Mukudziwa chimene anakambirana pambuyo pake? Akuti mayi wina wa kuchimuna anathira mankhwala m'chakudya. Mpaka lero mabanja awiriwo sapatsana moni. Komatu mfiti inali m'diramu momwemo, anaiweta okha usiku wonse.

Mpunga muuope. Usanaphikidwe umakhala ndi tizilombo tina timene mbewu yake siifa ngakhale madzi abwadamuke chotani. Mukauphula n'kuusiya kuti uzizire wokha pang'onopang'ono, m'kati muli mofunda, mbewu ija imadzuka, n'kuswana, n'kusiya poizoni. Poizoniyo sapsa ndi moto. Mungautenthetse mpaka upserere pansi, iye ali momwemo. Choipa china nchakuti mpunga wotere sununkha, sutuwa, ndipo mungaulawe n'kunena kuti uli bwinobwino. Nchifukwa chake ndimaseka ndikamaona mayi akununkhiza poto ngati mphuno yake ndi chipatala.

Ena mwa inu muyankha kuti, agogo, ife tinakulira mkute ndipo sitinafe. Inde. Koma mkute wathu unali mtanda umodzi wa nsima, woootcha pamakala mpaka kuuma kunja, osati beseni la mpunga wosakaniza ndi msuzi wa nyama, mazira ndi saladi ya mayonesi. Ndiponso amene anapita ndi matenda a m'mimba masiku amenewo sali pano kuti akutsutseni.

A zaumoyo amatiuza kuti tizilombo timakondwa pakati pa madigiri 5 ndi 60, kutanthauza chakudya chimene sichili chozizira kwenikweni komanso sichili chotentha kwenikweni. Chakudya chophika chisapitirire maola awiri chili pamtetete. Inu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Salima, kumene Disembala amawotcha ngati ng'anjo, dulani pakati, ola limodzi basi. Alendo akachedwa, poto akhale pambaula ya makala ochepa, azitentha ndithu. Mukamatenthetsa zotsala, muzitakasa mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni, ndipo kamodzi kokha. Zotenthetsa lero, mawa, ndi mkuja, perekani kudzala.

Tsopano inu a m'tauni amene mumati tili ndi firiji. Firiji si manda oikamo chilichonse n'kuiwala. Ndimakuonani mukukankhiramo poto wathunthu wa nyemba kapena nyama, chitseko n'kumachitseka ndi bondo. Poto wamkulu chotero amazizira m'mbali mokha, pakati pamagona pofunda mpaka kucha. Gawani m'timakontena tosaya, tovundikira, ndipo musiye mpata woti mphepo yozizira iziyenda. Nyama yaiwisi ikhale pansi penipeni. Mukaiika pamwamba, madzi ake amagazi adonthera pa saladi, ndipo saladi palibe amene amaiphika.

Nanga magetsi? Tonse tikudziwa mmene amachitira nyengo ya mvula ino. Akathima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Firiza yodzaza imapirira masiku awiri, yatheka tsiku limodzi. Koma zimenezo ndi pamene chitseko chili chotseka, osati mwana aliyense akutsegula mphindi iliyonse kufuna chakumwa chozizira, abambo nawonso akusuzumira mabotolo awo. Umitsiranitu mabotolo a madzi magetsi akadalipo, muwaike m'mipata. Ndipo nyama imene yasungunuka n'kufunda, yayamba kuterera, musaibwezere kuti iumenso ngati kuti simunaone. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka.

Ine chimene sindimvetsa ndi ichi: munthu kupha mbuzi pa 15, kuidalira firiza masiku khumi, pamene akudziwa bwino za magetsi a kwawo. Mbuzi yamoyo siifuna magetsi. Imangireni pamtengo, izidya msipu, muiphe tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Yotsala, kodi munaiwala kufutsa? Amayi athu ankaiwiritsa ndi mchere, n'kuiwamba pamoto mpaka kuuma gwa, ndipo inkafika Chaka Chatsopano popanda wodandaula. Chambo ndi mlamba ankachita chimodzimodzi. Lero mwana wamkazi ali ndi foni ya mtengo wa ng'ombe koma kuwamba nyama sadziwa, mwamuna wake nayenso chimodzimodzi.

Za mpeni ndingonena mwachidule. Umene mwatumbulira nkhuku, ndi thabwa lomwe munadulirapo, zisakhudze kabichi, tomato kapena anyezi wa saladi musanazitsuke ndi sopo. Anyamata owotcha nyama panja, mbale imene munatengera yaiwisi si yoikamo yakupsa.

Musaiwale msanga, abale anga. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inafalikira dziko lonse la Malawi ndipo inatenga anthu oposa 1,700. Inakula kwambiri nyengo ngati ino, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Koma taonani paphwando lero: beseni limodzi la madzi likuzungulira anthu makumi awiri, woyamba kusamba ndi mkulu, womaliza ndi kamwana, kakusamba m'litsiro la mudzi wonse. Ulemu wotani umenewo? Thirirani munthu aliyense madzi ndi jagi, sopo ali pambali. Madzi akumwa, osungunulira juwisi ndi otsukira zipatso akhale owiritsa kapena othira kolorini. Ndowa ya thobwa ikhale yovundikira, chotungira chimodzi chachigwiriro, osati aliyense kumiza kapu imene wamwera, zala n'kulowa momwemo. Ndipo chimera kapena mtedza zikachita chuku chifukwa cha chinyezi, tayani. Chuku chimenecho chimadya chiwindi mwakachetechete, kusankhula kapena kukazinga sikuchichotsa chonse.

Muzu wa zonsezi ndi kudzionetsera. Mumaphika kuti a nyumba yoyandikana aone utsi ndi kukula kwa mapoto, osati kuti anthu akhute. Khalani pansi sabata isanafike, muwerenge pakamwa pamene padzadye. Kilogalamu imodzi ya mpunga imakwanira akuluakulu pafupifupi khumi pakakhala ndiwo zokwanira, nanga inu makilogalamu 10 a anthu khumi ndi asanu mukuphikira ndani? Phikani kawiri, masana ndi madzulo, kusiyana ndi kuphika phiri limodzi m'mawa. Ndiwo ziwiri zophika bwino zimaposa zisanu ndi ziwiri zimene palibe akuziyang'anira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zikatsala, gawani tsiku lomwelo zikadali zotentha: pali agogo okhala okha kuseri kwanuko, pali mlonda wa pageti amene wagwira ntchito anzake akudya. Musadikire kuti zisase ndiye muwakumbukire, kumeneko si kupatsa.

Kumbukiraninso kuti kuseri kwa Disembala kuli Januwale, mwezi wautali uja. Fizi ikudikira, feteleza wobereketsa akudikira, thumba la ufa lili pansi. Ndakuonani ambiri mukutaya mpunga wosasa kudzala pa 27, n'kudzagogoda kwanga pa 10 kupempha kambale ka mgaiwa.

Wina akayamba kutsekula m'mimba kapena kusanza, musathamangire kwa sing'anga kukafunsa amene wachita. Mpatseni Thanzi ORS msangamsanga. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono muli panjira. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, nkhalamba ngati ine, kapena aliyense amene chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale nyimbo zili pakati.

Amene mwandiitana pa 25, ndibwera ndithu. Koma musandikhazike pampando wa pabalaza msanga. Ndidzayambira kukhitchini, kukavundukula mapoto.