CHENJEZO: Ndege si minibasi yoti ikazima mutsike mukankhe

Ndakalamba ndikuona anthu akugulitsana zinthu zakufa atazipaka penti. Galimoto yotheratu, mwini wake amaithira oyilo wolimba kuti kugogoda kusamveke, n'kuigulitsa Loweruka. Pofika Lolemba wogula ali pamsewu, thukuta kamukamu, akupempha anyamata amukankhe. Zimenezo tinazizolowera, timangoseka. Koma khalidwe lomweli likafika pa ndege zing'onozing'ono, zija za injini imodzi, mipando iwiri kapena inayi, ine kuseka kumandithera. Tcherani khutu, inu ogulitsa ndi inu ogula.

Wogulitsa amadzitama kuti, "Injini yake ndi yatsopano ndithu bwana, maola ake ndi ochepa." Mufunseni kuti maola ochepawo yawauluka pa zaka zingati. Kampani ya Lycoming, imene injini zake zili m'ndege zambiri za Cessna 172, imalangiza kuti injini zoterezi zimasulidwe n'kukonzedwanso zikakwanitsa maola pafupifupi 2,000, kapena zikatha zaka 12, chilichonse chimene chayamba kukwana. Maolawo ogulitsa amawatchula mokweza. Za zaka 12 amangoti zii.

Injini yongokhala m'shedi imafa mwakachetechete. Oyilo amatsikira pansi, chinyezi chimalowa, ndipo camshaft (chitsulo chozungulira chotsegula ndi kutseka mavavu a injini), yomwe mu injini ya Lycoming imakhala kumtunda, imauma n'kugwira dzimbiri. Ena amati, "Ndinkailiza mwezi uliwonse." Kuiliza mphindi zochepa ili pansi n'kuionjezera matenda, chifukwa oyilo satentha mokwanira kuti madzi amene ali m'katimo auluke. Tsiku limene mwini watsopano ayamba kuuluka nayo, dzimbiri lija limayamba kupala zitsulo, tizidutswa n'kumayenda ndi oyilo injini yonse. Kunjaku penti ikuwala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso inu amene pulopela inagundapo pansi potera, mukangoisintha mwakachetechete osalemba mu logbook, buku losunga mbiri ya ndegeyo. Mukudziwa bwino kuti ikagunda chonchi injini imayenera kumasulidwa kuti aone ngati crankshaft (chitsulo chachikulu cha m'kati mwa injini chozunguza pulopela) yang'aluka. Mng'alu umenewo suoneka ndi maso, ndipo sudzathyoka ndege ili m'shedi mwanu. Udzathyoka mwana wa mnzanu ali m'mwamba ndi banja lake. Ndalama zoterozo mudzadya bwanji?

Tsono ngakhale pasakhale bodza, ndege yachilendo payokha imapha. Woimba wa ku America John Denver anali woyendetsa ndege wa zaka zambiri. Mu 1997 anagula kandege ka mtundu wa Long-EZ, kopangidwa ndi munthu pakhomo. Amene anakapangayo anaika chogwirira chosinthira matanki a mafuta kumbuyo kwa phewa lakumanzere, pomwe pulani yake inkati chikhale pakati pa miyendo. Zoonera mafuta nazonso zinali kumbuyo, moti makaniko wina anachita kumubwereka kagalasi kuti aziziona. Denver ankazidziwa zonsezi. Pa 12 October chaka chimenecho, ku Monterey m'dera la California, anakana kuonjezera mafuta poti amati auluka pafupifupi ola limodzi basi. Injini inayamba kutsokomola ali pamwamba pa nyanja, asanakwere patali. Ofufuza anapeza kuti potembenuka kuti afikire chogwiriracho, phazi lake linaponda chowongolera, ndege n'kupendekeka, n'kulowa m'madzi. Anamwalira ali ndi zaka 53. Munthu anali ndi ndalama zodzazira matanki onse awiri, anthuni.

Achinyamata amakonda kunena kuti ndege yaing'ono ikazima simagwa ngati mwala. N'zoona. Cessna 172 ikazima ili kilomita imodzi m'mwamba imatha kuyandama makilomita pafupifupi 9 isanafike pansi, ndipo ambiri apulumuka potera m'munda kapena pamsewu. Nanga ikazima mutangonyamuka, muli mamita 100 okha? Muli ndi masekondi ochepa, kutsogolo kuli nyumba, mitengo ndi mawaya a magetsi. Mtima umati tembenuka ubwerere pabwalo, ndipo kutembenuka kumeneko ndi kumene kwapha ambiri, chifukwa liwiro limatha mapiko n'kuleka kunyamula. Ponyamukapo ndi pomwenso injini imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, choncho yodwala imakonda kugonja pomwepo.

Inu ogula, manyazi achepe. Safunsa anadya phula. Bwerani ndi makaniko wanu, osati mnzake wa wogulitsa amene amamwera limodzi tiyi. Adule fyuluta ya oyilo, aitambasule padzuwa, muone nokha ngati mukunyezimira tizitsulo. Ayeze mphamvu ya silinda iliyonse, alowetsemo kakamera aone dzimbiri. Werengani logbook tsamba ndi tsamba, ndipo pamene padumpha zaka popanda cholembedwa, imani pomwepo mufunse. Musananyamuke tsiku loyamba, tapani mafuta pansi pa thanki iliyonse m'kabotolo koonekera. Mafuta a ndege zoterezi, otchedwa 100LL, ndi obiriwira ngati thambo, madzi amakhala pansi pake, oyera, ngati timikanda. Ndege yogona panja mvula yonse, zotsekera matanki zitauma mphira, simulephera kuwapeza.

Mukaigula, musathamangire kukweza mkazi ndi ana kuti akaone kwawo ali m'mwamba. Yambani mwauluka ndi mphunzitsi wodziwa mtundu umenewo, muzizungulira pafupi ndi bwalo, mpaka dzanja lizipeza chosinthira mafuta maso ali kutsogolo. Ndipo wogulitsa akayamba zoti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa, makaniko wanuyo atichedwetsa," m'bwezereni makiyi ake, mumuuze agulitse kwa wamawayo.