Mulu wa kompositi usafe oyambitsa akamaliza maphunziro

Ndimawapatsa ulemu waukulu ophunzira a pa yunivesite amene amadzipereka kusankhula zinyalala ndi kupanga manyowa a kompositi pasukulu pawo. Ntchitoyi ndi yonunkha, yotopetsa, ndipo siwonjezera malikisi pamayeso. Chimene chimandiwawa n'chakuti akuluakulu a sukulu amawaombera m'manja, n'kuwasiyira katundu yense okha.

Kompositi imafuna munthu wosatopa nayo. Zotsala za kukhitchini paokha zimangosanduka chiphala chonunkha. Pamafunika kuyala makoko ndi zotsalazo, pamwamba n'kuwaza masamba ouma kapena makatoni ong'ambang'amba, kenako kuyalanso. Ukatapa dzanja limodzi n'kufinya, zizimveka zachinyezi ngati nsalu yofinyidwa kale, madzi osachucha. Mulu ukayenda bwino, pakati pake pamatentha mpaka madigiri 55 kapena 65 Celsius, ndipo kutenthako ndi kumene kumapha tizilombo ta matenda ndi njere za udzu. Koma kuti zitero, wina ayenera kubwera ndi foloko kudzautembenuza kuti mpweya ulowe. Nanga nthawi ya mayeso amatembenuza ndani? Nanga tchuthi chikafika, mahositelo ali gwa? Muluwo umayamba fungo, ntchentche ndi makoswe n'kupezapo malo, kenako wina muofesi n'kulamula kuti uchotsedwe. Apo anthu amayamba kunena kuti ana aja analephera, pomwe anangosowa wowathandiza.

Pali chifukwa chenicheni cholimbikira. Chakudya chikakwiririka kudzala komwe mpweya sulowa, chimatulutsa methane, mpweya umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi 28 kuposa carbon dioxide. Kafiteriya imodzi yodyetsa ophunzira ochuluka imataya zotsala tsiku ndi tsiku, chaka chonse cha maphunziro.

Za mabini amitundumitundu nazo n'chimodzimodzi. Ophunzira amapenta, kulemba bwinobwino kuti apa mapepala, apa mabotolo, apa zitini. Munthu mmodzi akakhuthulira msuzi m'bini ya mapepala, thumba lonselo lawonongeka. Choipitsitsa n'chakuti wotola zinyalala amabwera ndi galimoto imodzi n'kuthira zonse pamodzi. Iye ndilibe naye chifukwa, ayi. Palibe anamuitana pokonza mapulani, palibenso anamupatsa malo osungira zosankhulidwazo. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso ake, mawa sadzavutikanso kusankhula. Bungwe la OECD, loona za chuma ndi chitukuko cha mayiko, linapeza kuti padziko lonse, pulasitiki yotayidwa imene imakonzedwanso ndi 9 peresenti yokha. Zitini za aluminiyamu ndiye zili ndi mwayi, chifukwa kuzisungunula n'kupanganso kumapulumutsa pafupifupi 95 peresenti ya mphamvu imene ikanafunika popanga zatsopano. Komabe chitini sichingadziyendere chokha kupita kwa wogula. Pamafunika mgwirizano wolembedwa, ndipo wophunzira wa chaka chachiwiri alibe mphamvu yosainira sukulu.

Mu 1990 atsogoleri a mayunivesite anakumana ku Talloires, m'dziko la France, n'kusaina lonjezo loti sukulu zawo zizipereka chitsanzo pa nkhani yochepetsa zinyalala ndi kukonzanso zinthu. Amene anasaina ndi akuluakulu a sukulu, choncho udindowo ndi wawo.

Ophunzira amabwera n'kupita pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Osesa, ophika ndi osamalira kapinga ndi amene amatsala, ndipo amadziwa khomo limene zotsala zimatulukira komanso ola lake. Ndikufuna kuona yunivesite ikuika ntchitoyi m'bajeti, ikulemba munthu wolipidwa woyang'anira mulu nthawi ya tchuthi, ndiponso ikuwonjezera malipiro a ogwira ntchito amene awonjezeredwa ntchito yosankhula. Manyowa otuluka apite m'minda ya maluwa ya pasukulupo m'malo mogula feteleza, ndipo ophunzira a zaulimi ndi sayansi aziyeza kutentha kwa mulu ngati gawo la maphunziro awo, malikisi ake n'kumawerengedwa.