Lamulo la Tennessee siliteteza amene wasaina kale

Ena amanena kuti lamulo la ELVIS Act la ku Tennessee, m'dziko la America, latseka njira kwa anthu otengera kamvekedwe ka mawu a oimba pogwiritsa ntchito AI (makina a kompyuta otsanzira nzeru za munthu). N'zoona kuti lathandiza. Linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024, ndipo linawonjezera mawu a munthu pa zinthu zotetezedwa, pamodzi ndi dzina, chithunzi ndi maonekedwe zomwe zinali kale m'lamulo la 1984. Chofunika kwambiri n'chakuti mawu ongopangidwa ndi makina nawonso amawerengedwa, bola anthu azindikire kuti ndi a uje. Ngakhale wofalitsa pulogalamu yomwe ntchito yake yaikulu ndi kupanga mawu a munthu popanda chilolezo angathe kuzengedwa mlandu.

Koma mlandu wonse umatsamira pa chilolezo, ndipo oimba ndi owerenga malonda ambiri amagwera pamenepa. Kampani ikakupatsani pangano lonena kuti ingagwiritse ntchito zojambulidwazo "m'njira iliyonse, mpaka kalekale", mwaipatsa kale mwayi wophunzitsira makina ndi mawu anu. Musanasaine, panganolo linene ntchito yeniyeni, nthawi yake, mwachitsanzo miyezi 12, komanso kuti kuphunzitsira AI kapena kugulitsa kwa ena kumafuna chilolezo china ndi malipiro ena.

Mukapeza mawu anu atabedwa, sungani umboni musanadandaule: ulalo wa pa intaneti, tsiku, dzina la akaunti ndi fayilo yeniyeniyo. Mukayamba ndi kudandaula, amene anawaika pa intaneti angathe kuwafufuta msanga ndipo loya amasowa pogwira. Dziwaninso kuti nkhani zapawailesi ndi zoseketsa zotsanzira zili ndi chitetezo chawo m'lamulo lomweli.